Dodgers ya 2024 inatenga bwanji chikho ndi oponya oyambitsa atatu okha

Timu ya Los Angeles Dodgers inamaliza sizoni ya 2024 itapambana magemu 98 ndi kugonja 64, kuposa timu ina iliyonse mwa matimu 30 a Major League Baseball, kenako pa 30 Okutobala inatenga chikho cha World Series pabwalo la Yankee Stadium ku New York. Munthu wongoona zotsatirazi akhoza kunena kuti nanga si ndalama. Ndalamazo zinalipodi. Shohei Ohtani anasaina kontrakiti ya madola 700 miliyoni ya zaka 10, Yoshinobu Yamamoto ya madola 325 miliyoni ya zaka 12, ndipo Tyler Glasnow atangochoka ku Tampa Bay Rays anamupatsa ya madola 136.5 miliyoni ya zaka 5. Pa ndalama za Ohtani, 680 miliyoni adzalandira kuyambira 2034 mpaka 2043, zomwe zinachititsa kuti powerengera msonkho wa matimu owononga kwambiri kontrakiti yake izioneka ngati ya madola pafupifupi 46 miliyoni pachaka m'malo mwa 70. Ngakhale zinali choncho, timuyi inalipirabe msonkho woposa madola 100 miliyoni chaka chimenecho.

Koma amene ankatsatira timuyi tsiku ndi tsiku, ngakhale mowerenga m'mawa zomwe zachitika usiku (gemu yoyamba 7:10 madzulo ku Los Angeles imakhala 4:10 m'bandakucha ku Lilongwe kapena ku Chipata), ankadziwa kuti funso lalikulu la sizoni yonse linali limodzi: mawa aponya ndani? Kutsatira timu ya baseball kumakoma mukayamba kuwerenga zimenezo, osati ma home run okha (kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo).

Tiyambe ndi masamu. Timu imasewera magemu 162, ndipo gemu iliyonse ili ndi ma inning 9. M'inning iliyonse timu imayenera kutulutsa omenya atatu a adani ake, choncho pagemu pamafunika ma out 27. Pasizoni yonse ndi ma inning pafupifupi 1,450 amene wina ayenera kuponya, ziwalo zili bwino kapena sizili bwino. Timu imaloledwa osewera 26 patsiku, ndipo oponya asapitirire 13. Kawirikawiri asanu amakhala oyambitsa gemu, amene amasinthana, aliyense kuponya kamodzi pa magemu asanu. Asanu ndi atatu otsalawo amakhala ku bullpen, kudikira kulowa gemu ili mkati. Oyambitsa akamafika ma inning 6 pagemu, amanyamula pafupifupi 970, n'kusiyira bullpen 480, kutanthauza 60 kwa munthu aliyense. Umenewo ndi mtolo woti munthu akhoza kusenza. Akamathera pa ma inning 5, a ku bullpen amatsala ndi 640, aliyense 80, ndipo pofika Ogasiti mikono imayamba kulira. Zili ngati chimanga cha m'nkhokwe: mukatapa kwambiri mu Meyi, njala imakupezani musanakolole.

Pa Dodgers ya 2024 panalibe woponya ngakhale mmodzi amene anafika ma inning 162. Amene anaponya ochuluka anali Gavin Stone, mnyamata amene poyamba pa chaka ankalimbirana malo achisanu, ndi ma inning 140.1. Nambala ya pambuyo pa kadontho si ya magawo khumi: .1 ndi out imodzi, .2 ndi ma out awiri. Stone anapambana magemu 11 ndi ERA ya 3.53, kenako phewa linamukanika kumayambiriro kwa Seputembala ndipo anachitidwa opaleshoni. ERA imawerengedwa potenga ma run (zigoli za baseball) amene woponya wagoletsetsa popanda cholakwa cha anzake, kuchulukitsa ndi 9, n'kugawa ndi ma inning ake, wa 3.50 ndi wabwino, wa 5.00 akuvutika. Glasnow anaponya ma inning 134, ochuluka kuposa chaka chake chilichonse cham'mbuyo m'ligi yaikulu, anatulutsa omenya 168 ndi ma strikeout (womenya kutuluka atalephera kumenya katatu), koma gemu yake yomaliza inali pa 11 Ogasiti chifukwa cha chigongono. Apa palibe amene akanadabwa. Munthu amene anali asanapyolepo ma inning 120 pachaka m'ligi yaikulu simungamuwerengere 180, ndipo akuluakulu a timu, a Andrew Friedman ndi a Brandon Gomes, ankadziwa zimenezo pomugula. Anabetcha kuti mkono udzafika Okutobala, mwezi wa magemu ochotsana olimbirana chikho. Sunafike.

Ena onse anagwa motsatizana. Clayton Kershaw anabwerera mu Julayi atachira opaleshoni ya phewa, anayambitsa magemu 7, chala chachikulu chakuphazi n'kumuletsa kumapeto kwa Ogasiti. Emmet Sheehan sanaponye n'komwe, anachitidwa opaleshoni ya chigongono ya Tommy John, ija amasokerera mtsempha wina m'malo mwa woduka, imene imatenga chaka ndi miyezi kuti munthu abwerere. River Ryan anaonetsa luso m'magemu 4 okha n'kutsatira njira yomweyo. Dustin May anang'ambika kummero, nkhani yosakhudzana n'komwe ndi mpira. Bobby Miller, amene mu 2023 ankaoneka ngati tsogolo la timu, anamaliza ndi ERA ya 8.52 ndipo anatumizidwa ku timu yaing'ono ya Oklahoma City. Walker Buehler, pobwera kuchokera ku Tommy John yake yachiwiri, anapambana gemu imodzi, kugonja 6, ERA 5.38. Fastball yake, mpira woponya mwaliwiro, imene kale omenya ankaiphonya ngakhale aidziwe kuti ikubwera, inali itasiya kuopsa.

Nkhani ya Yamamoto njofunika kuikhalira pang'ono, chifukwa ikusonyeza mmene chisankho chimodzi chimakokera zinthu zina zambiri. Ku Japan, ku timu ya Orix Buffaloes, woyambitsa amaponya kamodzi pasabata. Ku America amapuma masiku anayi okha. Dodgers sinafune kumusintha mwadzidzidzi, choncho inkamupatsa masiku osachepera asanu. Zikumveka zazing'ono, koma timu ikasewera masiku khumi motsatizana popanda tsiku lopuma, oyambitsa asanu sakwanira kupereka mpumulo umenewo. Pamafunika wachisanu ndi chimodzi, kapena gemu yoti a ku bullpen aigawane kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wachisanu ndi chimodziyo amadya malo a munthu wa ku bullpen, chifukwa malire aja a 13 sasuntha. Ndipo ngakhale anamusamala chonchi, pa 15 Juni Yamamoto anatuluka atangoponya ma inning awiri, madokotala anapeza kuti minyewa ya phewa yavulala, ndipo sanabwerere mpaka pa 10 Seputembala. Anamaliza ndi ma inning 90 ndi ERA ya 3.00, atayamba moipa ku Seoul mu Malichi, kumene San Diego Padres inamugoletsa ma run 5 m'inning imodzi.

Kodi timu imadzaza bwanji mabowo otere? Apa mpamene wotsatira timu ayenera kuphunzira kuwerenga tsamba la zosintha osewera, limene ambiri amalidumpha. Pali mindandanda iwiri: wa 26 wa amene akusewera lero, ndi wa 40 wa onse amene timu ingawaitane nthawi iliyonse. Woponya akavulala amalembedwa pa mndandanda wa ovulala wa masiku 15, zomwe zimatsegula malo pa 26 koma osati pa 40. Kuti malo a pa 40 atseguke, ayenera kupita pa wa masiku 60, ndipo sangabwerere masikuwo asanakwane ngakhale atachira. Wosewera wachinyamata amakhala ndi zaka zitatu zimene timu ingamutsitsire ku ligi yaing'ono mwaufulu, koma osapitirira kasanu pasizoni, ndipo woponya akatsitsidwa amakhalako masiku osachepera 15 pokhapokha ngati akudzalowa m'malo mwa wovulala. Amene zaka zakezo zinatha sangatsitsidwe chabe. Timu imayenera kumuchotsa pa 40, n'kukhala ndi masiku 7 oti imugulitse kapena imuike poyera kuti matimu ena amutenge akafuna.

Chifukwa chake woponya wapakatikati amene angatsitsidwe mwaufulu nthawi zina amakhala wamtengo kuposa mnzake wabwinoko amene sangatsitsidwe. Landon Knack anayenda ulendo wa Oklahoma City ndi Los Angeles kangapo chaka chimenecho, kudzayambitsa gemu, mawa lake n'kubwerera kuti abwere wina wa mkono wopuma. Anthony Banda anagulidwa ndi ndalama chabe kuchokera ku Cleveland mu Meyi, munthu amene anali atadutsa m'matimu ambiri, ndipo anakhala mmodzi mwa amanzere odalirika. Brent Honeywell anatoledwa Pittsburgh itamusiya mu Julayi, Dodgers nayo inamuchotsa pa 40 mu Ogasiti, palibe anamutenga, n'kudzabwereranso. Malamulo omwewa amaluma ndi akuluakulu omwe. James Paxton anali atayambitsa magemu 18 pamene anamuchotsa mu Julayi n'kumugulitsa ku Boston kuti papezeke malo a obwerera kuchokera kovulala, ndipo patangotha mwezi timu inali ikusowanso oyambitsa. Jason Heyward anachotsedwa mu Ogasiti patangopita masiku ochepa atamenya home run yopambanitsa gemu, chifukwa ankangosewera kunja kwa bwalo (outfield, mbali yakutali ya bwalo) pamene Chris Taylor ndi Kiké Hernández amakwana paliponse. Pa benchi ya anthu anayi, mmodzi ali kale wogwira mpira wachiwiri, kukwana paliponse ndi chuma.

Tsiku lomaliza logulana osewera linali 30 Julayi, ndipo zimene timu inachita sabata imeneyo ndi zimene zinanyamula Okutobala. Jack Flaherty anachokera ku Detroit Tigers posinthana ndi anyamata awiri, Thayron Liranzo ndi Trey Sweeney. Dzulo lake, pa malonda a matimu atatu, Dodgers inatumiza Miguel Vargas ndi anyamata ena ku Chicago White Sox n'kulandira Michael Kopech, komanso Tommy Edman wa St. Louis Cardinals. Pa nthawiyo malondawa sankaoneka okoma. Edman anali asanasewere gemu ngakhale imodzi chaka chimenecho chifukwa cha opaleshoni ya mkono ndi kubinya kwa kakolo, ndipo Kopech anali ndi ERA ya 4.74 pa timu imene inkagonja pafupifupi tsiku lililonse. Koma ERA ya woponya wa ku bullpen pa miyezi inayi imanama: magemu atatu oipa amaiwononga yonse. Zoyenera kuyang'ana ndi liwiro la mpira, kuchuluka kwa amene amawatulutsa ndi strikeout, ndi amene amawapatsa base yaulere (base ndi malo amene wothamanga amaimapo pozungulira kuti agoletse). Kopech ankaponya pafupifupi makilomita 160 pa ola. Ku Dodgers anaponya ma inning 24 ndi ERA ya 1.13. Edman anali ndi ubwino wina: amamenya mbali zonse, kumanja ndi kumanzere, ndipo amasewera shortstop (pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu) ndi pakati kunja kwa bwalo, malo awiri amene timu inali itavutika nawo chaka chonse.

Kumbali yomenya kunalibe njala, koma nakonso kunali zosankha. Ohtani sanaponye mu 2024 chifukwa anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Seputembala 2023, choncho ankangomenya basi, pa malo a designated hitter, munthu amene sagwira nawo mpira m'bwalo. Anamenya .310 (kumenya bwino maulendo 31 pa 100 alionse), ma home run 54, anaba ma base 59, anagoletsetsa ma run 130. Pa 19 Seputembala ku Miami anamenya bwino maulendo onse 6, ma home run atatu, ma run 10, n'kukhala woyamba m'mbiri kufika ma home run 50 ndi ma base obedwa 50 m'sizoni imodzi. Nambala imene ndimaiona yofunika kwambiri pa kubako si 59 koma 4, maulendo amene anagwidwa. Kuba base kumapindula pokhapokha ngati mukupambana katatu pa maulendo anayi, chifukwa out imene mwataya imapweteka kuposa phindu la base imodzi. Malamulo a 2023 anathandiza akuba onse: ma base anakula kuchoka pa mainchesi 15 kufika 18, woponya amaloledwa kuyesa kugwira wothamanga kawiri kokha popanda chilango, ndipo wotchi imamukakamiza kuponya m'masekondi 20 pakakhala wothamanga, amene mu 2024 anachepetsedwa kufika 18. Komabe ligi yonse inali pa malamulo omwewo, ndipo ndi Elly De La Cruz yekha wa Cincinnati amene anaba ochuluka kumuposa.

Mtengo wa Ohtani pa malo amenewo ngwobisika. Matimu ambiri amagwiritsa ntchito malo a designated hitter kupumitsa miyendo ya osewera awo mosinthana. Dodgers inalibe mwayi umenewo. Wogwira mpira Will Smith akatopa ndi kunjuta kumbuyo kwa womenya, ankakhala pabenchi gemu yonse. Freddie Freeman atabinya kakolo pa 26 Seputembala, tsiku limene timu inatsimikiza kutsogola chigawo cha NL West, panali njira ziwiri zokha: aimirire pa base yoyamba ndi mwendo wotupa, kapena asasewere. Mu Okutobala analephera magemu atatu, ndipo Max Muncy ankasamukira pa base yoyamba, Kiké Hernández n'kutenga yachitatu.

Za Mookie Betts anthu amatsutsanabe. Pokonzekera sizoni, Gavin Lux ankalephera kuponya mpira molunjika kuchokera pa shortstop kupita pa base yoyamba, ndipo timu inasamutsira Betts pamenepo, munthu amene anatchuka kunja kwa bwalo kumanja. Maganizo anga ngakuti kumeneko kunali kukonza vuto limodzi pobweretsa lina: manja ake anali abwino, koma kuponya kuchokera pa shortstop kumafuna mapazi ozolowera, ndipo zolakwa zake zambiri zinali za kuponya. Pa 16 Juni mpira wa Dan Altavilla wa Kansas City unamuthyola dzanja lamanzere, tsiku limodzi Yamamoto atavulala. Atabwerera pa 12 Ogasiti, anabwezeredwa kunja kumanja, Miguel Rojas n'kutenga shortstop, ndipo Ohtani anakhalabe womenya woyamba, Betts wachiwiri, Freeman wachitatu. Dongosolo limenelo lili ndi nzeru yake. Ohtani ndi Freeman amamenyera kumanzere, Betts kumanja. Lamulo limati woponya wolowa ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena kumaliza inning. Choncho manijala wa adani akabweretsa wamanzere kudzalimbana ndi Ohtani, wamanzereyo amayenera kudutsanso pa Betts asanafike kwa Freeman, ndipo pambuyo pawo pamadikira Teoscar Hernández, wakumanja, amene pa kontrakiti ya chaka chimodzi ya madola 23.5 miliyoni anamenya ma home run 33.

Tsono Okutobala anafika timu ili ndi oyambitsa atatu: Flaherty, Yamamoto amene anali atangoponya magemu anayi chichirireni, ndi Buehler wa ERA ya 5.38. Otsatira timuyi anali ndi chifukwa choopera. Mu 2022 inapambana magemu 111 n'kutulutsidwa ndi Padres m'ndime yoyamba. Mu 2023 inapambana 100 ndipo Arizona inaisesa magemu atatu, oyambitsa ake atatu ataponya ma inning 4.2 onse pamodzi n'kugoletsetsa ma run 13.

Chimene chimasintha mu Okutobala ndi masiku opuma. Mu mpikisano wa magemu 7 amasewera awiri, kupuma, atatu, kupuma, awiri. Oponya abwino a ku bullpen angathe kulowa pafupifupi gemu iliyonse yofunika. Palinso chimene matimu onse anachiona m'manambala: womenya akamakumana ndi woponya yemweyo kachitatu m'gemu imodzi amamenya bwino kwambiri, chifukwa waona kale mipira yake yonse ndipo woponyayo watopa. Choncho gemu ya bullpen, imene mu Juni imakhala yongopulumukira, mu Okutobala ingakhale chida. Koma oponya omwewo akaonekera kwa omenya omwewo kanayi m'sabata imodzi, nawonso amadziwika. Ntchito ya manijala, a Dave Roberts, inali kugawa maulendo amenewa.

M'ndime yoyamba Dodgers inakumana ndi Padres, ndipo Padres inatsogola 2-1 mu mpikisano wa magemu asanu. M'gemu yoyamba Yamamoto anagoletsetsa 5 m'ma inning atatu, ndipo a Roberts anakayikira kuti kagwiridwe kake ka gulovu kankaulula mpira umene akufuna kuponya kwa wothamanga wa pa base yachiwiri. M'gemu yachitatu Buehler anagoletsetsa 6 m'inning yachiwiri yokha, ambiri chifukwa cha kusagwira bwino kwa anzake, koma a Roberts anamusiya mpaka anamaliza ma inning asanu. Timu inagonja 6-5, koma ma inning atatu owonjezerawo anasunga mikono ya mawa lake. M'gemu yachinayi oponya 8 anagawana ntchito: Ryan Brasier, Banda, Kopech, Alex Vesia, Evan Phillips, Daniel Hudson, Blake Treinen ndi Knack, ndipo inatha 8-0. Kopech, amene ankatseka magemu, analowa m'inning yachitatu chifukwa ndi pamene omenya oopsa a Padres ankabwera. Gemu yachisanu inatha 2-0, Yamamoto ataponya ma inning asanu opanda run, ma Hernández awiri aja atamenya home run imodzi imodzi kwa Yu Darvish. Powonjezera 9-0 ya gemu yoyamba ya ndime yotsatira, ndi New York Mets, momwe Flaherty anaponya ma inning 7, Dodgers inakwanitsa ma inning 33 otsatizana osagoletsetsa, kufanana ndi mbiri ya Baltimore Orioles ya 1966.

Kuyambira apa mpamene a Roberts anachita chinthu chimene owonera ambiri amadana nacho: kusankha magemu oti awasiye apite. M'gemu yachiwiri ndi Mets, Mark Vientos atamenya grand slam (home run yobwera ma base onse atatu ali ndi othamanga) kwa Knack n'kukhala 6-0 m'inning yachiwiri, Treinen, Kopech ndi Phillips sanadzuke n'komwe pampando. Honeywell anadya ma inning atatu, inatha 7-3. M'gemu yachisanu Flaherty analibe liwiro, anagoletsetsa 8 m'ma inning atatu, ndipo Honeywell anaponyanso 4.2. Inatha 12-6, ndipo panali phokoso chifukwa omenya a Dodgers anayesa kubweza ndipo ena ankati oponya abwino akanalowa msanga gemuyo ikanatheka. Mwina. Koma gemu yachisanu ndi chimodzi inali kale yoti bullpen iigawane chifukwa panalibe woyambitsa wachinayi. Kuwononga mikono yabwino pothamangitsa ma run 7 kukanasiya gemu yotsatira m'manja mwa otopa. Dodgers inapambana 10-5 ndi oponya opuma, Edman, amene anali atatenga shortstop Rojas atavulala, n'kusankhidwa wosewera wabwino wa mpikisanowo ndi ma run 11 amene anagoletsetsa.

World Series ndi New York Yankees imakumbukika ndi grand slam ya Freeman m'inning ya 10 ya gemu yoyamba, yoyamba m'mbiri ya mpikisanowu kuthetsa gemu. Nayo inabadwa ku chisankho. Yankees ikutsogola 3-2, manijala wake, a Aaron Boone, anabweretsa wamanzere Nestor Cortes, amene anali asanaponye kuyambira pa 18 Seputembala, m'malo mwa Tim Hill. Ohtani anatuluka, othamanga anasunthira pa base yachiwiri ndi yachitatu, ndipo popeza yoyamba inali yopanda munthu anamupatsa Betts base yaulere kuti wamanzere akumane ndi wamanzere. Papepala zinali zomveka: Freeman anali asanamenye home run Okutobala yense, kakolo lotupa, komanso, monga zinadzadziwika pambuyo pake, nthiti yovulala. Koma masiku opuma asanayambe mpikisano anali atamubwezera mwendo. Mpira woyamba, fastball ya mkati, unatuluka m'bwalo. Anamaliza ndi ma home run 4 ndi ma run 12 m'magemu asanu. Zinafunika kutero, chifukwa Ohtani anagulula phewa lamanzere poba base m'gemu yachiwiri ndipo anamenya bwino kawiri kokha pa maulendo 19.

Yamamoto analola kumenyedwa kamodzi kokha m'ma inning 6.1 a gemu yachiwiri. Buehler, amene curveball yake, mpira wokhota, inali itayamba kuthyoka bwino kuyambira pa Mets, anaponya asanu opanda run m'yachitatu. Zinali 3-0, ndipo m'gemu yachinayi a Roberts anachitanso zomwe zija. Ben Casparius, mnyamata wa magemu atatu okha m'ligi yaikulu, anayambitsa. Anthony Volpe anamenya grand slam kwa Hudson. Knack anaponya ma inning anayi, Honeywell n'kumaliza. Inatha 11-4. Panthawi ina kusiyana kunali run imodzi yokha, 5-4, ndipo chiyeso choitana Treinen chinali chachikulu.

Mawa lake Flaherty anangotulutsa anthu anayi. Aaron Judge ndi Jazz Chisholm anamenya ma home run m'inning yoyamba, Giancarlo Stanton m'yachitatu, 5-0. Panatsala ma out 23 oti bullpen iwapeze, ndipo amene anapuma dzulo lake analipo onse: Banda, Brasier, Kopech, Vesia, Brusdar Graterol, Treinen. Phillips analibe, mkono unamuletsa kulowa pa mndandanda wa mpikisanowu.

Inning yachisanu inali mphatso ya Yankees, palibe chobisa. Judge anagwetsa mpira wophweka wa Edman, cholakwa chake choyamba chaka chonse. Volpe anaponya mpira pansi popita pa base yachitatu. Woponya wa Yankees, Gerrit Cole, anatulutsa Lux ndi Ohtani ndi ma strikeout, kenako Betts anamenya kampira kofooka kopita kwa Anthony Rizzo, Cole osathamangira kukaphimba base yoyamba. Freeman anagoletsetsa awiri, Teoscar awiri, 5-5. Koma mphatsoyo inali ndi ntchito chifukwa chakuti bullpen inali itaimitsa magoli pa 5. Graterol anapereka ma base aulere atatu m'inning yachisanu ndi chimodzi ndipo Yankees inatsogolanso 6-5. Treinen analowa pomwepo n'kuponya ma inning 2.1, mipira 42, mtolo umene sakanausenza akanakhala kuti anaponya dzulo lake. M'inning yachisanu ndi chitatu Dodgers inagoletsa awiri popanda mpira wautali: Lux ndi Betts anamenya mipira ya m'mwamba yogwidwa kunja, othamanga n'kulowa. Treinen atatha panalibe wina wodalirika, ndipo Buehler, atangopuma tsiku limodzi, anatuluka ku bullpen. Volpe anatuluka pa base yoyamba, Austin Wells ndi Alex Verdugo anaphonya curveball, 7-6.

Akuluakulu a timu sanatenge njira imeneyi ngati yoti n'kuibwereza. Pasanathe mwezi anasainitsa Blake Snell kwa zaka 5 pa madola 182 miliyoni, mu Januwale 2025 anatenga Roki Sasaki wa Chiba Lotte Marines ndi Tanner Scott wa ku bullpen pa madola 72 miliyoni, ndipo Lux anamugulitsa ku Cincinnati. Buehler anapita ku Boston pa kontrakiti ya chaka chimodzi, Flaherty anabwerera ku Detroit, Hudson anapuma pa masewero usiku womwewo wa chikho, ndipo Honeywell, amene anadya ma inning a magemu otayika aja, sanamupatse kontrakiti ina.